Cikhulupiriro, Ciyembekezo ndi Cikondi pa Mwezi wa Njala

Munthu woyang'ana bwino m'kalendala wa mpingo adzapezamo Sabata lina limene liima pakhomo pa nyengo ya Lenti, masabata asanu ndi awiri Paskha asanafike. Akale analicha ndi dzina la Cilatini, Quinquagesima, ndiko kunena la makumi asanu, pakuti powerenga kuyambira tsikulo kufikira tsiku la kuuka kwa Ambuye masiku akwana 50. Popeza Paskha sakhala pa tsiku limodzi caka ndi caka, Sabata limeneli nalonso liyendayenda. Koma silifika 1 Febuluwale asanakwane, ndiponso silipitirira 7 Malici. Zaka mazana ambiri mipingo ya ku Ulaya inawerenga pa tsikuli mau a pawiri: mutu 13 wa kalata woyamba wa Paulo kwa Akorinto, ndi mbiri ya wakhungu wa ku Yeriko pa Luka 18. Buku la mapemphero la Anglican la 1662 linasunga mau omwewo. Akatolika anawasunga kufikira 1969, pamene anakonza dongosolo latsopano la zaka zitatu. Komabe m'dongosolo latsopanolo mutu uja wa Akorinto unagweranso pafupi pomwepo, kumapeto kwa Januwale kapena kuciyambi kwa Febuluwale, kamodzi pa zaka zitatu.

Amene anasankha mauwo anali anthu a maiko a cisanu. Sanadziwe za Chipata, Katete kapena Petauke, ndipo za nkhokwe sanaziganize konse. Koma kuno masiku amenewo ndiwo mwezi wa njala. Cimanga ca m'munda caturutsa ngayaye koma sicinakhwime. Ca m'nkhokwe catsikira pansi, kotero kuti mwana wotumidwa kukatapa alowamo wathunthu osaonekanso mutu. Ndiwo ziripo zambiri, mnkhwani, therere ndi bowa, koma ufa wace ndiwo usowa, ndipo pa mabanja ambiri mphika wa nsima ukhala pamoto kamodzi pa tsiku. Mango anatha kale, malungo ali pakati pa ana. Pambuyo pa cilala, monga ca 1992, kapena ca 2024 cimene boma linacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, mwezi umenewu uyamba msanga nucedwa kutha. Munthu wa m'mimba mopanda kanthu afika pa chalichi, nakhala pansi, namva mbusa kapena mkuru wa mpingo alikuwerenga za cikondi.

Masiku ano mutu umenewu wazolowereka pa maukwati, ndipo anthu auyesa mau otsekemera, oyenera tsiku la maluwa ndi nthungululu. Sikulakwa kuuwerenga pa ukwati. Koma Paulo sanaulembere akwati. Anaulembera mpingo wokangana, umene anthu ace ena anali kucoka pa Mgonero ali ndi njala.

Mau otsiriza a mutuwo achula zinthu zitatu, cikhulupiriro, ciyembekezo ndi cikondi, naika cikondi pamwamba pa ziwiri zinazo. Pamenepa pabuka funso limene labvuta ophunzira a m'kalasi ndi akuru omwe. Ngati munthu apulumuka mwa cikhulupiriro, monga Paulo yemweyo aphunzitsa Aroma ndi Agalatiya, nanga cikondi cipambana bwanji? Funsoli liri ndi mbale wace amene sadikira tsiku la kalasi, koma afika pakhomo madzulo atanyamula licero. Munthu ali ndi matini anai a cimanga, mkazi ndi ana asanu, ndipo atsala masabata asanu ndi limodzi kuti za m'munda ziyambe kudyeka. Mnansi wace wadza kudzapempha. Cikhulupiriro cinena ciani kwa munthu ameneyu, ciyembekezo cinena ciani, ndipo cikondi cimlamula kutapa mbale zingati?

Korinto unali mudzi wa malonda, womangidwa pa kamtunda kopapatiza ka makilomita 6 pakati pa nyanja ziwiri, wokhala ndi madooko awiri. Aroma anaupasula m'caka ca 146 Kristu asanabadwe, ndipo Julius Caesar anaumanganso m'caka ca 44. Ambiri mwa oyamba kukhalamo anali akapolo omasulidwa, anthu ofuna kukwera msanga. Paulo anakhala kumeneko caka cimodzi ndi theka, ca m'ma 50 mpaka 52, alikusoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Atacoka, mbiri inampeza ku Efeso yakuti mpingo wagawanika: ena adzicha a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa, abale alikutengerana ku mabwalo a akunja, ndipo pa mapemphero yense afuna kuonetsa mphatso yace, makamaka ya malilime. Anthuwa sanasowe cikhulupiriro. Paulo mwini, poyamba kalatayo, ayamika Mulungu kuti sanaperewere mphatso iri yonse, ndi kuti analikulindira kuonekera kwa Ambuye.

Cimene cinamwawa koposa ciri pa mutu 11. Masiku amenewo Mgonero wa Ambuye unali cakudya ceniceni, codyera m'nyumba ya mmodzi wa abale. Cioneka kuti olemera, pokhala eni nthawi yao, anafika msanga ndi zakudya zao nayamba kudya; akapolo ndi anchito, amene sakanatha kucoka mbuye wao asanawalole, anafika mocedwa napeza mbale zoyera. Wina analedzera, wina anabwerera kwao ndi njala, ndipo onsewo anali atachula dzina limodzi la Ambuye. Paulo anakana poyera kuti cakudya cotere cichedwe Mgonero wa Ambuye. Cifukwa cace wowerenga mutu 13 atayamba wawerenga mutu 11 adzamva kuti mndandanda uja wa zimene cikondi sicicita ndiwo mlandu woneneza Akorinto. Nsanje, kudzitukumula, kudzifunira zao zokha, zonsezi Paulo anali atazichula kale m'kalatamo pa dzina lao. Wolankhula malilime wopanda cikondi amfanizira ndi citsulo congosokosera, ndipo Akorinto, odziwika ndi nchito ya mkuwa, fanizolo analimva. Wa kumudzi aganize za cidutswa ca njanji kapena khasu lakale la ng'ombe lopacikidwa pa mtengo pabwalo la chalichi: limveka kutsidya kwa dambo, liitana mudzi wonse, koma ilo lokha silinalowepo m'nyumba ya Mulungu.

M'mutumo muli mau ena obvuta koposa awa. Paulo ati munthu akhoza kugawira osauka cuma cace conse, ndipo ngati alibe cikondi sapindula kanthu. Ndiko kuti kupatsa ndi kukonda siziri cinthu cimodzi. Wina adzatsutsa nati, Mwana wanjala safunsa ngati ufa unadza ndi cikondi. Nsima ya wonyada ikhutitsa cimodzimodzi ndi nsima ya wofatsa. Kutsutsa kumeneku nkwa nzeru, ndipo mbali yace iyenera kubvomerezedwa. Paulo sanati wolandira sapindula. Anati wopatsa ndiye sapindula. Munthu wonena kuti sadzapatsa kufikira mtima wace utayera wangodzipezera pobisala. Ampatse mwanayo ufa, za mtima akakambe ndi Mulungu pambuyo pace.

Komabe si zoona kuti wolandira samva kusiyana. Ali yense wa kumudzi adziwa mathandizo a mwezi wa njala amene abisa msampha. Wina apatsa tini limodzi m'Febuluwale kuti akalandire awiri kapena atatu pa masika. Dzina lace ndi kaloba, ena ati katapila, ngakhale mwini wace akucha cifundo. Wina apatsa mbale ya ufa posinthana ndi ganyu wa tsiku lathunthu, nthawi yomwe munda wa waganyuyo ulikulira khasu. Munda wa wolemera uyera, wa wosauka ulowa udzu, ndipo caka camawa munthu yemweyo abwereranso pa khomo lomwelo ndi mbale yomweyo. Wina apatsa kwaulere ndithu, koma achula mphatso yace pa mowa, pa maliro ndi pa bwalo la mfumu, kufikira wolandirayo alakalaka akadagona ndi njala. Onsewa apatsa. Ndipo ngati njala ibwerera ku nyumba zomwezomwezo caka ndi caka, cifukwa cimodzi ndi mapatsidwe otere.

Makolo anati kupatsa nkuika, natinso mnzako akapsa ndebvu mzimire. Nzeru imeneyi inasunga midzi pa njala zambiri Uthenga Wabwino usanafike, ndipo Mkristu asainyoze. Koma poisinkhasinkha apeza kuti iyang'ana mawa: munthu aika lero kuti akatole tsiku la tsoka lace. Nanga amene sadzakhoza kubweza konse, nkhalamba yopanda ana, wolumala, mlendo wongopita? Apa ndi pamene mau aciwiri a Sabata lija alowa.

Yesu analikukwera ku Yerusalemu ulendo wace wotsiriza. Yeriko uli m'cigwa cakuya, mamita oposa 200 kunsi kwa msinkhu wa nyanja yaikuru, ndipo kucokera pamenepo njira ikwera makilomita ngati 27 m'cipululu. M'mbali mwa njirayo munakhala wakhungu wopemphapempha. Marko amucha Bartimeyo. Atamva phokoso la khamu, nauzidwa amene alikupita, anapfuula kupempha cifundo. Alaliki akonda kuima pa cikhulupiriro ca munthuyu, ndipo ayenera kutero, pakuti Ambuye mwini anaciyamika. Sanaone kanthu, anangomva, nagwira cimene anamva, ndipo atamdzudzula anapfuula koposa. Ciyembekezo cace cioneka pa cimene anapempha. Tsiku lina liri lonse akanapempha kakobiri, koma tsikulo anapempha maso.

Amene aiwalika kawirikawiri ndi anthu aja anamdzudzula. Luka ati anali otsogola pa ulendo. Sanali adani a Yesu; anali a m'khamu loyenda naye, ndipo munthu sayenda mtunda wotere ndi mphunzitsi amene samkhulupirira. Pa mutu 19 Luka aulula zimene zinali m'mitima ya anthu a pa ulendowo: anayesa kuti Ufumu wa Mulungu uoneka pomwepo akangofika ku Yerusalemu. Ciyembekezo cotentha cotere ndico cinawafulumiza miyendo. Anali ndi Mfumu yoti akailonge, ndipo wopemphapempha analikuwacedwetsa. Cotero anthu okhulupirira ndi oyembekezera anauza wakhungu kuti akhale cete. Pa khamu lonselo anaima mmodzi yekha, ndiye amene anadziwa kuti kutsogoloko kuli mtanda. Pakuti anali atangouza kumene ophunzira ace za imfa yace, iwo osamvetsa kanthu. Anaima, nalamula kuti adze naye munthuyo, namfunsa cimene afuna. Funsolo lisapitiriridwe msanga. Ali yense akanadziwa cosowa ca wakhungu, koma Ambuye anamlola anene yekha, monga munthu wa mau ace pabwalo, wosati monga cinthu congocitiridwa cifundo.

Mbiri imeneyi isonyeza kuti cikhulupiriro ndi ciyembekezo zikhoza kuyenda zokha, ndi kuti poyenda zokha ziponda anthu. Yakobo akumbutsa kuti ngakhale ziwanda zikhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi. Mpingo ungathe kufulumira cotere ndi nchito yabwino ndithu, kumanga chalichi ca njerwa ndi malata kapena kukonzekera msonkhano waukuru, nuyamba kuona osapereka ngati ocedwetsa ulendo. Kulinso zitsanzo za mbali yina. Pa Magwero, pamene mishoni inayambika m'1899, anayamba kuphunzitsa akhungu m'1905, mpingo ukali wakhanda, usanakhale ndi mbusa ndi mmodzi yemwe wa m'dziko lino. Pakuti woyamba, Justo Mwale, anadzozedwa m'1929. Wowerenga za phindu akanati nchito ya akhungu idikire kufikira zazikuru zitatha.

Ciyembekezo naco ciri ndi matenda ace. Mlimi ali yense ndi munthu wa ciyembekezo: atenga mbeu imene ikanadyedwa naikwirira m'dothi, ndipo wakudya mbeu yace pa njala wadya caka camawa. Kusunga sikusakhulupirira ai. Yosefe anasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri, napulumutsa Aigupto ndi abale ace omwe. Ndipo Paulo alembera Timoteo mau olimba za munthu wosasamala a pa banja lace. Koma pa Luka 12 pali mlimi wina amene munda wace unapatsa bwino, iye naganiza zopasula nkhokwe zace ndi kumanga zazikuru. Iyenso anayang'ana kutsogolo. Kusiyana kwace ndi Yosefe sikuli pa kukula kwa nkhokwe, koma pa amene nkhokweyo idzamtsegukira. M'kulingalira kwace konse wolemera uja sachula munthu wina ali yense.

M'dongosolo la 1969 mutu wa cikondi uwerengedwa pamodzi ndi Luka 4, pamene Yesu m'sunagoge wa kwao ku Nazarete anakumbutsa anthu za Namani wa ku Suriya, ndi za mkazi wamasiye wa ku Zarefati amene anadyetsa Eliya ndi kaufa kace kotsiriza. Mbiri ya wamasiyeyu yagwiritsidwa nchito moipa. Alipo alaliki amene auza osauka kuti apereke kotsiriza kao kwa munthu wa Mulungu, nakucha kubzala mbeu, nalonjeza kuti kadzabwera kowirikiza. Ameneyu ndi kaloba wobvala za m'chalichi: wopereka ayesa kuti wakongoza Mulungu ndipo adzalandira ciongoladzanja, pamene wolandira alikudya ufa wa amasiye. Wamasiye wa ku Zarefati analandira lonjezo lace lace, la pa nthawi yace, ndipo mneneri anakhala m'nyumba mwace masiku ambiri nadya comweco cimene iye ndi mwana wace anadya; sanatenge ufa ndi kupita. Ndiponso Yesu sanachule mbiriyo kuti aphunzitse za zopereka. Anaichula kuti asonyeze cifundo ca Mulungu cirikuturuka kunja kwa Israyeli kunka kwa mlendo. Ndipo a ku Nazarete, anthu osaphonya mapemphero, anakwiya kufikira kufuna kumponya kuphompho.

Tsono munthu uja wa matini anai acite ciani? Malembo sapereka muyeso wa mbale, ndipo mlaliki wonena kuti waupeza anena zoposa zolembedwa. Koma Paulo, polemberanso Akorinto omwewo za copereka ca osauka a ku Yerusalemu, pa mutu 8 wa kalata waciwiri, anaika malire awiri. Sanafune kuti olandira apumule ndi opereka asautsidwe, koma kuti pakhale kulingana. Ndipo anati mphatso iyesedwa monga mwa cimene munthu ali naco, si cimene alibe. Cotero cikondi sicilamula atate kukhuthula nkhokwe ndi kusiya ana ao alire. Anawo ndiwo anansi oyamba amene Mulungu anawapatsa. Koma sicilolanso munthu kudya mokhuta pamene kwa mnansi utsi sunaturuke masiku awiri. Pakati pa malire awa munthu awerenge moona. Matini anai pa banja la anthu asanu ndi awiri sakwana kudya kawiri pa tsiku kwa masabata asanu ndi limodzi. Ameneyu sangathe kupereka tini, ndipo asatsutsidwe ndi amene ali ndi matumba khumi. Koma angathe kutapa mbale imodzi, angathe kuitana ana a mnansi asambe m'manja pamodzi ndi ace, ndipo angathe kumperekeza mnansiyo kwa wina amene ali nazo zambiri, kuti asakapemphe yekha.

Pa kuwerenga kumeneku ndi pamene cikhulupiriro ndi ciyembekezo zipeza nchito yao yeniyeni. Cimene cifumbatitsa dzanja pa mwezi wa njala nthawi zambiri si nkhanza ai, koma mantha. Ndipo mantha awerenga masabata ambiri koposa amene alipo, naiwala maungu amene alikukula m'mizere. Munthu wosakhulupirira kuti moyo wace usungidwa ndi wina woposa nkhokwe sangathe kutapa mbale ija, ngakhale mtima wace umve cisoni cotani. Cikhulupiriro cicotsa mantha, ciyembekezo cikumbutsa kuti masika alikudza, ndipo dzanja limasuka. Ndico cimene Paulo anauza Agalatiya, kuti cikhulupiriro ceniceni cigwira nchito yace mwa cikondi.

Nanga ngati mnansiyo anagulitsa cimanga cace conse m'Juni, ndalama nizithera ku mowa? Funsoli ndi lenileni, ndipo wolinyalanyaza sanakhalepo m'mudzi. Paulo anakaniza Atesalonika kudyetsa munthu wokana kugwira nchito. Koma mau amenewo anena za wokana, si za wodwala kapena wosowa pogwira, ndipo ana a cidakwa sanagulitse kanthu. Njira ziripo. Ufa upatsidwe kwa mai wa m'nyumba. Mwamunayo apatsidwe ganyu wa m'mawa wokha ndi malipiro a muyeso wokwana, kuti madzulo akalime kwace. Adzudzulidwe ndithu, koma pa awiri kapena pamaso pa mkuru mmodzi, wosati pabwalo. Ponena kuti cikondi sicisunga zoipa, Paulo anagwiritsa liu la Cihelene la alembi a malonda, olemba ngongole m'buku. Cikondi si copusa. Colakwa ciciona, nicicichula. Koma sicikhala ndi buku loti cidzatsegule caka camawa munthuyo akadzafikanso pakhomo.

Pamenepa funso la m'kalasi liyamba kuyankhika. Alaliki akonda kufanizira zitatuzi ndi mafuwa atatu, ndipo fanizolo ndi labwino theka: fuwa limodzi likacoka mphika ugwa. Koma mafuwa alingana, pamene Paulo ati izi sizilingana. Cikhulupiriro ndico dzanja lolandira. Munthu apulumuka naco, si cifukwa cakuti ndico cacikuru, koma cifukwa wopanda kanthu alibe njira yina koma kulandira. Ndipo cimene alandira ndico cikondi ca Mulungu. Dzanja liyamba ndilo, koma siliposa cakudya cimene lalandira. Ndiponso Mulungu sakhulupirira monga wosaona, pakuti aona zonse, sayembekezera monga wosowa, pakuti zonse nzace, koma akonda. Pa zitatuzi cikondi cokha ndico cimene colengedwa cigawana ndi Mlengi wace. Wakhungu uja atapenya sanasowenso wina womuuza amene alikupita, ndipo cimene anaciyembekezera anali naco. Cinatsala ndi kumtsata iye amene anaima. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika, amene anamwalira m'430, analemba kabuku ka zitatu izi poyankha munthu wina dzina lace Laurentius. Masamba ace pafupifupi onse anathera pa cikhulupiriro, cikondi nicilandira ocepa a kumapeto. Koma m'ocepawo anaphunzitsa kuti ubwino wa munthu uzindikirika pa cimene akonda.

Katsala kanthu kamodzi kamene kakhudza akuru a mpingo koposa munthu wa matini anai. Pa mutu 16 wa kalata yemweyo woyamba, Paulo atsika kucokera ku mau akuya a kuuka kwa akufa nafika pa ndalama. Alangiza kuti tsiku loyamba la sabata yense apatule kanthu monga anapindula, kuti copereka ca osauka cisacite kusonkhedwa mwadzidzidzi iye atafika. Mwezi wa njala nao sudzidzimutsa munthu; ufika caka ndi caka pa nthawi yace. Mipingo yambiri ilandira cimanga ndi nshawa pa zopereka za masika, m'Meyi, Juni ndi Julayi, nthawi yomwe mtengo uli pansi penipeni ndipo ogula a masikelo adzaza m'midzi. Akuru agulitsa zonse msanga kuti ndalama zilowe m'thumba la mpingo. Ndipo m'Febuluwale, mtengo utakwera, mkazi wamasiye amene anapereka licero lace pa masika apeza kuti mpingo wace ulibe ndi mbale yomwe. Nkhani ya mwezi wa njala iyenera kukambidwa pa msonkhano wa akuru wa m'Meyi. Gawo la zopereka lipatulidwe, liume bwino, litetezedwe kwa anankafumbwe, ndipo ciwerengero ca matumba cidziwike kwa anthu oposa mmodzi, monga Paulo mwini anakana kunyamula copereka cija yekha popanda osankhidwa ndi mipingo. Pogawa afunsidwe amai, pakuti iwo ndiwo adziwa nyumba imene moto wace unazima. Maina asawerengedwe m'chalichi. Ndipo wogawa asayambe wafunsa ngati wanjalayo ali wa mpingo uno kapena wa wina, kapena ngati ali pa mwambo.

Akorinto anapereka. Polembera Aroma, pa mutu 15, Paulo achula Akaya, dziko limene Korinto unali mudzi wace waukuru, pakati pa amene anasonkhera osauka a ku Yerusalemu. Ndipo iye anapita nazo mphatsozo kumeneko, kumene anagwidwa namangidwa. Patapita zaka ngati 40, ca m'ma 96, Clement wa ku Roma analembera mpingo womwewo wa ku Korinto, umene unali utakangananso nucotsa akuru ace ena pa udindo, nawauza atengenso kalata wa Paulo awerenge.